Timakina Ting'onoting'ono Tomwe Tikuona Zobisika M'thupi

Lamulungu lina m'mawa, ife a dipatimenti ya zaumoyo pampingo wathu ku Area 23 tinatulutsa matebulo awiri panja pa tchalitchi kuti tiyeze anthu mwaulere. Tinali ndi sikelo, makina awiri a BP, kamakina koyezera shuga, ndi kena kopanira pachala koyezera mpweya m'magazi. Kupatula sikeloyo, zonse zinakwana m'chikwama changa cha m'manja.

Chakumasana panaima bambo wina wa kabaza amene anabwera kudzatsitsa kasitomala. Titawapempha kuti ayezetse, anaseka.

"Amayi, ine ndimapalasa njinga kuchoka kuno kukafika m'tauni kangapo pa tsiku. Munthu wodwala angathe zimenezo?"

Anakhalabe pampando, mwina pongofuna kutilemekeza. Makina anaonetsa 184/112. Tinawauza kuti apume kaye mphindi khumi, ndipo titabwereza panatuluka 178/110. Mutu sunkawapweteka, chizungulire analibe. Tinawalembera manambalawo pakapepala n'kuwapempha kuti akaonane ndi adokotala pachipatala cha Kawale osazengereza. Asananyamuke anatenga makinawo n'kuwatembenuzatembenuza.

"Koma kabokosi aka kadziwa bwanji za m'thupi mwanga, poti sikanandiboole n'komwe?"

Funsoli linandikhala pamtima, chifukwa ambiri a ife amene timagwira timakina timeneti sitingaliyankhe. Komatu yankho lake ndi lofunika pakhomo lililonse. M'makwalala athu a Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona mwafika makina a mitundu iwiri: ena akupulumutsadi miyoyo, ena akungokolola ndalama za anthu. Munthu akadziwa pang'ono momwe makina enieni amagwirira ntchito, savutika kuzindikira onyenga.

Kuchokera pa wailesi ya Nzeru

Ife amene tinakulira m'nyumba za wailesi ya Nzeru tikukumbukira kuti ukatsegula kumbuyo posintha mabatire, umaona tizinthu ta miyendo itatu titamatidwa pakabolodi. Timeneto ndi ma transistor. Ntchito yake ili ngati ya mpopi: kutsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Yoyamba inapangidwa mu 1947 ku Bell Labs, m'dziko la America, ndipo inali yoti munthu n'kuigwira ndi zala. Lero akatswiri amasema ma transistor mabiliyoni pakachidutswa ka silikoni kofanana ndi chikhadabo, komwe amakatchula kuti chip. Kali mu foni yomwe muli nayo m'thumbamo. Silikoniyo amamuyenga kuchokera ku mtundu wina wa mchenga ndi miyala.

Atadziwa kusema njira za magetsi pa silikoni, akatswiri anayamba kusemapo ndi tizinthu tomwe timatha kupindika ndi kunjenjemera, tina topyapyala kuposa tsitsi la munthu. Luso limeneli amalitchula mwachidule kuti MEMS. Mukapendeketsa foni chithunzi n'kutembenuka chokha, ndiye kuti kanthu kotero kamva kupendekekako.

Ndi momwenso makina a BP aja anadziwira za bambo wa kabaza. Lamba akamangidwa pamkono, kapampu kamamupopera mpweya mpaka mtsempha utapanikizika. Mpweya ukamaphwa pang'onopang'ono, magazi amayambanso kudutsa, ndipo kugunda kulikonse kwa mtima kumanjenjemeretsa mpweya wa m'lambamo. M'kabokosi muja muli kasensa kochepa kuposa njere ya mpunga, kokhala ndi kachikopa ka silikoni komwe kamapindika pang'ono pa kugunda kulikonse. Kupindikako kumasanduka uthenga wa magetsi, ndipo chip imawerengetsa n'kutulutsa manambala awiri aja.

Kale ntchito imeneyi inkafuna namwino wodziwa kumvetsera ndi zipangizo za m'makutu akuyang'ana mekyule akutsika m'kagalasi. Lero aliyense wophunzitsidwa pang'ono angayeze, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri kwa ife. Kafukufuku yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Matendawa sagogoda pachitseko. Ambiri amawadziwira pa bedi la kuchipatala, mbali imodzi ya thupi itafa kale.

Kopanira pachala

Kamakina kopanira pachala kanatchuka nthawi ya Covid-19, koma nzeru yake anaitulukira ndi injiniya wa ku Japan, Takuo Aoyagi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. M'kati mwake muli timagetsi tiwiri. Kamodzi kamawala mofiira, kena kamatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso. Magazi okhala ndi okosijeni wambiri amakhala ofiira mowala, pamene opanda okosijeni wokwanira amaderako, choncho amameza kuwala kuwiriku mosiyana. Kasensa ka mbali ina ya chala kamayeza kuwala komwe kwadutsa, n'kutiuza kuchuluka kwa okosijeni. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kapena kuposa. Nambala ikatsika pansi pa 90, munthuyo akufunika kuchipatala msanga.

Phindu la kamakinaka linaoneka m'boma lathu lomwe lino. Pakati pa 2012 ndi 2014, azaumoyo a m'maboma a Lilongwe ndi Mchinji, kuphatikizapo alangizi a zaumoyo a m'midzi, anapatsidwa timakina ta bungwe la Lifebox kuti aziyezera ana odwala chibayo. Anapeza kuti ambiri mwa ana omwe mpweya wawo unali utatsika kwambiri sankaonetsa zizindikiro zoti n'kuwatumizira kuchipatala chachikulu. Popanda kamakinako, ana otero akanabwerera kunyumba ndi mankhwala akumwa basi, pamene amafunika okosijeni.

Pali chenjezo lomwe likutikhudza ife a khungu lakuda. Mu 2020 madokotala a pa yunivesite ya Michigan ku America anapeza kuti timakinati nthawi zina timaonetsa nambala yabwino pamene okosijeni watsika, ndipo kulakwitsa kumeneku kumachitika pafupifupi katatu kwa odwala akuda poyerekeza ndi azungu. Chala chozizira komanso penti wa m'zikhadabo zimasokonezanso. Choncho ngati mwana akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, kapena akukanika kuyamwa, musadikire kuti nambala itsike. Nyamukani.

Zomwe zikuchitika ku Area 25

Mayi aliyense amene anachirirapo pachipatala cha boma akudziwa kalipenga kamene azamba amaika pamimba n'kutsamiritsapo khutu pomvetsera mtima wa mwana. Mwalamulo lake ayenera kumvetsera pafupifupi mphindi 30 zilizonse matenda akayamba, ndiponso pafupipafupi kuposa apo mwana akayandikira. Koma mzamba mmodzi akamasamalira amayi angapo nthawi imodzi usiku, mwana akhoza kuyamba kubanika pakati pa kumvetsera kuwiri popanda wodziwa.

Pachipatala cha Area 25, pomwe pamabadwira ana masauzande chaka chilichonse, Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi Baylor College of Medicine ndi Texas Children's Hospital unayambitsa njira ina. Mayi akalowa ku leba amamangidwa malamba pamimba okhala ndi timasensa tiwiri. Kamodzi kamamvetsera mtima wa mwana mosalekeza, kena kamayeza kukungika kwa chiberekero. Uthenga wonse umapita ku kompyuta yokhala ndi pulogalamu yotchedwa PeriWatch, ya kampani ya PeriGen, yomwe imatsatira kagundidwe ka mtima wa mwana aliyense n'kuchenjeza azamba zinthu zikayamba kupotoka. Madokotala a pachipatalachi atayerekeza nthawi yomwe njirayi inali isanayambe ndi pambuyo pake, anapeza kuti imfa za ana ofera m'mimba pobereka ndi omwalira atangobadwa zinatsika ndi 82 peresenti.

Nambala imeneyi ndi yosangalatsa, koma tiimvetse bwino. Kompyuta imangoliza belu. Amene amathamanga, kupima mayi, ndi kuganiza zomutengera ku opareshoni ndi mzamba ndi dokotala, ndipo chipinda cha opareshoni chiyenera kukhala chokonzeka. Chinanso n'chakuti kasensa kamamva mwana amene wafika pachipatala. Mayi akachedwera kunyumba, kapena akamwa mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, palibe makina omwe angamuthandize ali kumeneko.

Sikani yokwana m'thumba la yunifolomu

Sikani ya amayi oyembekezera imagwiritsa ntchito phokoso lomwe khutu la munthu silingamve, monga amachitira mleme ukamauluka mumdima. Phokosolo limalowa m'thupi, kugunda ziwalo, n'kubwerera, ndipo kompyuta imasandutsa kubwererako kukhala chithunzi. Ilibe cheza cha ekisire, choncho mphekesera zoti sikani imaotcha mwana kapena kumupunditsa n'zabodza.

Makina a sikani omwe tinazolowera ndi akuluakulu, oyenda pa matayala, ndiponso odula. Mu 2017 boma la America linavomereza kachipangizo kotchedwa Butterfly iQ, kokwana m'dzanja, komwe amakalumikiza ku foni chithunzi n'kumaoneka pamenepo. Kumutu kwake kuli chip yokhala ndi ting'oma ta silikoni pafupifupi 9,000, tomwe timatulutsa phokoso ndi kulimvanso likamabwerera. Mu 2022 bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation linapereka ndalama zoti tizipangizo 1,000 totere tiperekedwe kwa azamba ndi azaumoyo ena ku Kenya ndi South Africa.

WHO imalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera ajambulidwe kamodzi asanakwanitse masabata 24. Kujambulako kumathandiza kudziwa msinkhu weniweni wa mimba ndiponso ngati muli mapasa. Kutsogoloko sikani imaonetsanso ngati mwana wapingasa kapena nsengwa yatseka njira, zinthu zofunika kuzidziwa matenda asanayambe. Ichi n'chifukwa chinanso choyambira sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, osadikira kuti mimba ioneke.

Ngakhale MRI, makina ojambula ubongo omwe amafuna chipinda chawochawo, achepetsedwa. Oyamba m'dziko muno anaikidwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, kudzera mu ntchito ya Dr Terrie Taylor ndi anzake ofufuza za malungo. Makinawo anathandiza kuyankha funso lakalekale la chomwe chimapha ana odwala malungo a muubongo. Mu 2015 ofufuzawo analengeza kuti mwa ana 25 omwe anamwalira pa kafukufuku wawo, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Tsopano pachipatala chomwecho panafika MRI ina yotchedwa Swoop, ya kampani ya Hyperfine, yomwe amaikankha kupita nayo pa bedi la wodwala n'kuilumikiza pa soketi wamba. Maginito ake ndi ofooka maulendo oposa 20 poyerekeza ndi a MRI zazikulu, zithunzi zake si zakuthwa chimodzimodzi, ndipo imajambula mutu wokha. Koma kwa mwana wokomoka amene sangasunthidwe mu wadi, chithunzi chimenecho ndi chamtengo wapatali.

Ku labotale nakonso zinthu zasintha. Makina a GeneXpert, omwe WHO inawavomereza mu 2010 ndipo akupezeka m'zipatala zambiri m'dziko muno, amalandira makhololo m'kabotolo kokhala ndi tinjira ting'onoting'ono ta madzi. Pasanathe maola awiri amanena ngati munthu ali ndi chifuwa chachikulu, ndiponso ngati kachilomboko kakukana mankhwala a rifampicin.

Kumayiko a anzathu afika pomeza kamera. Kuyambira 2001 kuli kapisozi kotchedwa PillCam, kotalika mamilimita 26, kokhala ndi kamera, timagetsi ndi batire, komwe kamajambula m'matumbo kakamadutsa. Makina othandiza mtima kugunda omwe anaikidwa koyamba m'thupi la munthu ku Sweden mu 1958 anaumbidwa m'kachitini ka polishi wa nsapato. Mwini wake, Arne Larsson, anasinthidwa makina kambirimbiri ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2001. Otchedwa Micra, omwe anavomerezedwa mu 2016, amalemera pafupifupi magalamu 2 ndipo amawalowetsa mumtima kudzera mumtsempha wa pantchafu.

Chenjerani ndi makina onyenga

Nkhani zoterezi zikamamveka, anthu amayamba kukhulupirira kuti makina angathe chilichonse, ndipo akathyali apezerapo mwayi. Mwina munawaonapo m'misika, m'maofesi, ngakhale pakhomo pa tchalitchi. Amabwera ndi laputopu ndi kabokosi, kukugwiritsani kachitsulo m'dzanja kwa mphindi imodzi, kenako n'kutulutsa ndandanda wa matenda: chiwindi chili ndi mafuta, impso zatopa, magazi ndi akuda, mavitamini aperewera. Mankhwala ake amakhala ali m'chikwama chomwecho, pamtengo wokwera.

Mlongo wina wa mumpingo mwathu, amene wakhala akumwa mankhwala a shuga kwa zaka zingapo, anauzidwa ndi makina otere kuti shuga wake watha, vuto latsala ndi poizoni wa mankhwala a kuchipatala. Anagula mabotolo atatu n'kusiya mapiritsi ake. Patatha masabata atatu amayi a Dorika anamupeza ali lefulefu, akumwa madzi osakhuta ndi kukodza usiku wonse. Titamuyeza, kamakina kathu kanalephera kupereka nambala, kanangolemba HI, kusonyeza kuti shuga wapitirira muyeso womwe kangawerenge. Anagonekedwa m'chipatala masiku asanu, ndipo tikuyamika Mulungu kuti anatuluka.

Ife a Adventisti tiyenera kuvomereza kuti msampha umenewu umatikola mosavuta. Timakonda njira zachilengedwe zosamalira thupi, ndipo wogulitsa akangotchula zitsamba ndi kuyeretsa magazi, timamuona ngati mnzathu. Koma taonani kusiyana kwake. Makina onse enieni omwe tawatchula aja amayeza chinthu chodziwika, m'njira yofotokozeka: lamba amamva kugunda kwa mtsempha, kuwala kumadutsa m'chala, phokoso limabwerera kuchokera m'mimba, dontho la magazi limakumana ndi mankhwala a pakapepala. Kachitsulo kogwira m'dzanja sikangaone chiwindi, impso kapena chiberekero. Ngakhale mawotchi ndi mphete zomwe amati zimayeza shuga popanda kuboola chala, bungwe la FDA la ku America linachenjeza mu February 2024 kuti silinavomerezepo ngakhale chimodzi.

Munthu akafuna kukuyezani, muli ndi ufulu womufunsa ngati analembetsedwa ku Medical Council of Malawi kapena ku bungwe la anamwino ndi azamba, ndiponso ngati mankhwala akewo ndi ovomerezedwa ndi PMRA, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno. Woyeza akakhala yemweyonso wogulitsa, ndipo aliyense woyezedwa akupezeka wodwala, gwirani chikwama chanu muzipita. Ndipo musasiye mankhwala a BP, a shuga, a khunyu kapena ma ARV chifukwa cha zonena za munthu wotere.

Ngati muli ndi makina pakhomo

Mabanja ambiri tsopano ali ndi makina a BP kapena a shuga, ena ogula ku famase, ena otumizidwa ndi ana a ku Joni. Ndi chinthu chabwino, bola agwiritsidwe ntchito moyenera.

Pa BP, makina omanga pamkono wa m'mwamba ndi odalirika kuposa a padzanja. Khalani pampando mphindi zisanu musanayeze, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, ndipo musalankhule. Lamba wothina pamkono waukulu amakweza nambala. Yezani kawiri, ndipo lembani manambalawo ndi tsiku lake kuti mukawaonetse pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Mukamapeza 140/90 kapena kuposa masiku osiyanasiyana, kaonaneni ndi adokotala. Ikafika 180/110, makamaka ngati mutu ukupweteka kwambiri, maso akuchita chidima kapena pachifuwa pakuwawa, pitani tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera akapeza 140/90 asagone nayo. Kamodzi pachaka tengani makina anu kuchipatala kuti akawayerekeze ndi awo, ndipo mabatire akafooka sinthani.

Pa shuga, chofooka kwambiri ndi timapepala toyezera. Mankhwala ake amaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, choncho tsekani botolo mukangotulutsa kamodzi, musalisiye padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ndipo onani tsiku lothera ntchito. Sambani m'manja musanaboole, chifukwa madzi a mango kapena nzimbe otsalira pachala amakweza nambala. Kasingano koboolera n'kamunthu mmodzi, sikabwerekanidwa. Munthu akayeza m'mawa asanadye n'kupeza 126 kapena kuposa, kapena 7.0 pa makina owerenga mwanjira inayo, apite akayezedwenso kuchipatala. Nambala ya kunyumba siyopatsa munthu chilolezo chosintha yekha mlingo wa mankhwala.

Gawo lomwe makina sangatichitire

Mpingo wathu sunaonepo chipatala ngati mdani wa chikhulupiriro. Mishoni ya Malamulo ku Thyolo, yomwe inayamba mu 1902, lero ndi chipatala chophunzitsa madokotala a opareshoni, ndipo tili ndi zipatala zina ku Blantyre ndi kuno ku Lilongwe. Nzeru zosema ting'oma 9,000 pakachidutswa ka silikoni timazilandira ngati mphatso yochokera kwa Mlengi yemweyo amene analenga khutu ndi diso. Kuyezetsa sikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndi mbali ya udindo wathu wosamalira thupi lomwe tinapatsidwa.

Koma makina amathera pa nambala. Sangachepetse mchere m'ndiwo zathu, sangatichotsere masupuni atatu a shuga m'phala, sangatiyendere ulendo wa m'mawa, ndipo sangatikumbutse mapiritsi ngati ife eni sitikufuna. Zimenezo n'zapakhomo, ndipo zimayenda bwino banja lonse likagwirizana.

Bambo wa kabaza uja anabweranso patatha mwezi ndi theka, buku la kuchipatala lili m'thumba la malaya. Anapatsidwa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse, ndipo anati akazi awo anachotsa botolo la mchere pamphasa yodyera. Tsiku limenelo makina anaonetsa 146/92. Siinafike pomwe tikufuna, koma inali kutali ndi pomwe inali. Anabwera ndi anzawo awiri a pa siteji, ndipo mmodzi mwa iwo tinamulemberanso kapepala kopita nako ku Kawale.